Chimene Msodzi wa ku Ngala Amafuna mu Kanema

Chiyambire pamene zithunzi zoyenda zinaonetsedwa kwa anthu, akatswiri a luso la kanema akhala akutsutsana pa funso limene silinathe mpaka lero, lakuti kodi ntchito ya filimu ndi kuonetsa moyo monga momwe ulili, kapena kumuchotsa munthu m'moyo umenewo kwa maola awiri kuti mtima wake upume. Njira yoyamba, imene m'nkhani ino izitchedwa kanema wa zenizeni, imajambula anthu wamba m'malo awo enieni pamodzi ndi mavuto awo a tsiku ndi tsiku, popanda kukometsera mathero a nkhani. Njira yachiwiri, imene izitchedwa kanema woiwalitsa mavuto, imamanga dziko lina lodzaza ndi ngwazi zosagonja, chuma chosatha, nyimbo ndi chikondi, momwe woipa amalandira chilango chake filimu isanathe. Mkangano umenewu umakambidwa kwambiri m'masukulu a ukachenjede ndi pa zikondwerero za mafilimu za m'mizinda ikuluikulu, koma malo oyenera kuuyesera ndi kumene kuli anthu amene amalipira ndalama yopeza movutikira kuti aonere, ndipo gombe la Ngala, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndi amodzi mwa malo oterowo.

Ngala ili m'mbali mwa msewu wa M5, kumpoto kwa Dwangwa, chakufupi ndi malire a maboma a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, m'dera limene Chichewa ndi Chitonga zimamveka pamsika umodzi. Moyo wa kumeneko watsamira pa nyanja, pa minda ya chinangwa ndi mpunga, komanso pa ndalama zochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga inayamba kugaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pagombe limeneli pamakumana anthu a mitundu iwiri ofuna mpumulo. Mlendo wochokera kunja kapena ku Lilongwe amabwera kudzaiwala ntchito yake poyang'ana ngalawa zikukocheza m'mamawa, pamene mlovi, ndiko kuti wantchito wa m'ngalawamo, amene wachezera kukoka khoka usiku wonse, amakafuna mpumulo wake pa sikirini yoonetsa misewu ya Hong Kong, Lagos kapena Mumbai. Chimene mlendo akuchiona ngati chithunzi chokongola ndi ntchito yothyola msana kwa mwini dera, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti aliyense amathawira kumene sakhala.

Magwero a mkangano

Njira ziwirizi zinabadwira limodzi ndi kanemayo. Pa 28 Disembala 1895, abale awiri a ku France, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa anthu olipira mumzinda wa Paris zithunzi zoyenda zazifupi, ndipo chimodzi mwa izo chinangoonetsa antchito akutuluka pachipata cha fakitale ya banja lawo ku Lyon. Mu 1902, Georges Méliès, amene poyamba ankasangalatsa anthu ndi masewero odabwitsa a m'holo, anatulutsa Le Voyage dans la Lune, filimu ya ulendo wopita ku mwezi, momwe chilichonse chinali chomangidwa ndi kupentedwa m'nyumba yojambulira. Olemba mbiri ya kanema amatchula mayina amenewa ngati makolo a mafuko awiri, koma malire ake sanali okhwima kuyambira pachiyambi, pakuti a Lumière nawonso ankasankha poimika kamera ndi nthawi yotsegula chipata, ndipo filimu ya antchito ija anaijambula kangapo. Choncho ngakhale chimene chimatchedwa zenizeni mu kanema chimadutsa m'manja mwa munthu amene wasankha choonetsa ndi chosiya, ndipo funso loyamba pa filimu iliyonse liyenera kukhala lakuti wasankhayo ndani, ndipo akusankhira yani.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, opanga mafilimu ena a ku Italy anatulutsa makamera m'nyumba zojambulira n'kupita nawo m'misewu ya mizinda yophwasuka, kumene anajambula moyo wa amphawi, kawirikawiri pogwiritsa ntchito anthu wamba amene sanaphunzirepo za sewero. Filimu yotchuka kwambiri ya gulu limeneli ndi Ladri di biciclette ya Vittorio De Sica, ya mu 1948, yonena za bambo amene waberedwa njinga imene ntchito yake imadalira. Koma imene munthu wa ku Ngala angaizindikire msanga ndi La terra trema ya Luchino Visconti, ya chaka chomwecho, yojambulidwa m'mudzi wa asodzi wa Aci Trezza pa chilumba cha Sicily. Asodzi a m'mudzimo ndiwo anasewera, akulankhula chilankhulo cha kwawo, ndipo nkhani yake ndi ya banja limene latopa ndi mitengo yotsika ya amalonda opikula nsomba, laika nyumba yake chikole kuti liziima palokha, lapha tinsomba tambiri tonga usipa n'kutithira mchere, kenako namondwe waononga ngalawa, ndipo mwana wamkulu wabwerera kukapempha ganyu kwa amalonda omwe aja.

Filimuyi inalandira mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice ndipo mpaka lero imaphunzitsidwa m'masukulu a za kanema, koma m'nyumba zoonetsera mafilimu za ku Italy sinakope anthu ambiri, mwa zina chifukwa Ataliyana a m'zigawo zina sankamva chilankhulo cha ku Sicily. Khamu la anthu a nthawi imeneyo, amene anali atangotuluka m'nkhondo ndi m'njala, linkakhamukira ku mafilimu a ku America ndi ku masewero oseketsa. Chodabwitsa chimenechi, chakuti filimu yonena za amphawi imatamandidwa ndi ophunzira pamene amphawiwo akusankha ina, chaonekanso m'mayiko ambiri, ndipo yankho lofulumira limene ena amapereka ndi lakuti anthu osauka amanyengedwa mosavuta ndi zonyezimira. Mbiri ya kanema ku Malawi ikupereka yankho lina, lomwe ndi lolemekeza woonera.

Mmene kanema anafikira kumudzi

Kumidzi ya ku Nyasaland kanema anafika atanyamula phunziro. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inatsogoleredwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie, inapanga mafilimu pafupifupi 35 ku Tanganyika n'kuyenda nawo pa lole m'mayiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo mitu yake inali monga kusunga ndalama ku positi ofesi, kulipira msonkho, ukhondo ndi kukokoloka kwa nthaka. Kuyambira 1948 mpaka 1963 ntchito yofanana nayo inali m'manja mwa Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare. Mafilimu ambiri a atsamunda ankatsata kalembedwe kamodzi, ka anthu awiri, wanzeru ndi wopusa: wanzeru amamvera mlangizi wa boma ndipo amakolola zochuluka, pamene wopusa amaumirira njira za makolo n'kugwa m'mavuto. Zithunzi zake zinali za minda yeniyeni ndi anthu akuda enieni, moti pamaso zinkaoneka ngati zenizeni, koma woonera ankazindikira kuti wopusa wa pa sikiriniyo ndi iyeyo, pamodzi ndi bambo ake ndi agogo ake.

M'zaka za m'ma 1950, pamene malamulo a malimidwe okakamiza anthu kupanga mizere ndi migula ankatsatidwa ndi chindapusa ndi ndende, ndiponso pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuchikana, galimoto ya kanema inayamba kuonedwa ngati pakamwa pa boma, ndipo ambiri anasiya kuikhulupirira. M'zaka zomwezo amuna ochuluka a m'mphepete mwa nyanja anali ku ntchito m'migodi ndi m'mizinda ya ku Rhodesia ndi ku Joni, kumene anakumana ndi kanema wa mtundu wina. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'chigawo cha migodi ya kopa mu 1953 ndi 1954, analemba kuti oonera a kumeneko ankakonda koposa mafilimu a anyamata okwera pa akavalo a ku America, kuti ngwazi iliyonse ya m'mafilimuwo ankaitcha Jack, ndiponso kuti ankaonera akufuula, kulangiza ngwaziyo ndi kufotokozerana zochitika. Munthu amene tsiku lonse ankalamulidwa ndi kapitawo ankaona pa sikirini mwamuna amene palibe womulamula, ndipo filimuyo sinkamuuza kuti ndi wopusa.

Ufulu wa 1964 sunasinthe kwambiri mkhalidwe umenewu. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa kapena kudula filimu, buku ndi sewero lililonse, ndipo mu ulamuliro wonse wa Dr Hastings Kamuzu Banda dziko linalibe wailesi ya kanema, mpaka pamene Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Zimene zinkafika kumudzi pa magalimoto a boma zinali nkhani za maulendo a mtsogoleri ndi malangizo a ulimi, ndipo ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, malo amenewo anatengedwa ndi mafilimu a mabungwe onena za Edzi, uchembere wabwino, maukwati a ana ndi kusamala zachilengedwe. Mauthenga amenewa ndi ofunika ndipo ena apulumutsa miyoyo, koma kwa mibadwo itatu munthu wa kumudzi waphunzira chinthu chimodzi, chakuti akaona nkhope yofanana ndi yake pa sikirini ndiye kuti kukubwera chidzudzulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo msodzi amene akudziwa kale kuti nsomba zachepa safuna kulipira kuti mlendo adzamuuze zomwezo.

M'nyumba ya vidiyo

Chimene chinatsegula kanema kwa anthu wamba ndi nyumba ya vidiyo, imene lero imapezeka pafupifupi pamsika uliwonse wa m'mbali mwa M5 ndi pamadoko a asodzi. Kawirikawiri ndi chipinda chimodzi cha njerwa, malata kapena mphasa, chokhala ndi mabenchi, sikirini imodzi, jenereta kapena sola, ndi sipika yoikidwa panja kuti phokoso la nkhondo liziitana odutsa. Pakhomo pamakhala chikwangwani cha mafilimu a tsikulo ndi nthawi ya mpira wa ku England. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira ndi magetsi, ndipo chiwerengero chimenechi chikufotokoza chifukwa chake kuonera kanema kumudzi kwakhala kwa pagulu. Masiku ano ambiri amathiritsanso mafilimu pa memore khadi n'kumaonera pa foni, atatu kapena anayi atazungulira kasikirini kamodzi. Jonathan Gray, katswiri wa za zofalitsa nkhani amene anafufuza nyumba zoterezi m'Malawi, analemba mu 2011 za mmene mafilimu a nkhondo a Steven Seagal ndi anzake anafikira m'matauni ang'onoang'ono kudzera m'madisiki okopera, pamodzi ndi mafilimu a ku Nigeria, amene msika wake unakula kuchokera pa Living in Bondage ya mu 1992.

Kuti kusankha kwa woonera kumveke bwino, m'pofunika kudziwa usiku umene wachokera. Usodzi wa usipa umachitika mumdima, makamaka mwezi ukakhala kuti sukuwala, ndipo siginala, amene ndi katswiri wotsogola pa bwato lokhala ndi nyali, ndiye amakopa nsomba kuti zisonkhane, kenako alovi amazinga ndi chilimira, khoka lalikulu la pakati pa nyanja, n'kulikoka ndi manja. Pogawana, ndalama ya mafuta imayamba yachotsedwa, mwini ngalawa ndi khoka amatenga gawo lake, ndipo chotsala ndicho amagawana alovi, moti usiku wopanda nsomba umasiya ngongole m'malo mwa malipiro. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatha kutsekereza ngalawa pagombe masiku angapo, kapena kumiza amene akakamira kulowa. Chambo, chimene kale chinali ulemu wa nyanjayi, chachepa moti mu 2018 bungwe la IUCN linaika ina mwa mitundu yake m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha. M'moyo woterewu khama ndi phindu siziyendera limodzi, chifukwa munthu akhoza kugwira ntchito molimbika koposa onse n'kubwerera chimanjamanja.

Amalawi ali ndi dzina lawo la ngwazi ya mu kanema, lakuti mwini filimu, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti mwini filimu safa. Mawu amenewa akunena ndendende chimene woonera amagula pakhomo la vidiyo, chomwe ndi maola awiri m'dziko limene mphamvu za munthu zimabala zipatso, wolakwa amadziwika nkhope, ndipo mlandu umatha tsiku lomwelo. Richard Dyer, katswiri wa za kanema wa ku Britain, anafotokoza mu 1977 kuti zosangalatsa zotchuka zimayankha zosowa zenizeni za anthu: kumene kuli kusowa zimaonetsa kuchuluka, kumene kuli kutopa zimaonetsa nyonga, kumene kuli chinyengo zimaonetsa mitima yoonekera poyera, ndipo kumene anthu amwazikana zimaonetsa umodzi. Potsata ganizo limeneli, filimu imene anthu amathawirako ndi umboni wa chimene akuthawa. Mafilimu a ku Nigeria onena za munthu wolemera mwadzidzidzi kudzera m'zizimba amakopa anthu a m'mphepete mwa nyanja chifukwa funso lakuti n'chifukwa chiyani ngalawa ya uje imadzaza pamene za anzake zili zopanda kanthu limafunsidwa pagombe tsiku ndi tsiku, ndipo limagawanitsa mabanja.

Liwu la womasulira

Umboni waukulu wakuti woonera wa ku Malawi sataya dziko lake polowa m'nyumba ya vidiyo ndi ntchito ya omasulira mafilimu, amene ambiri amawatcha ma DJ. Womasulira amatenga filimu ya ku China, ku India, ku Korea kapena ku America, n'kuika liwu lake m'Chichewa pamwamba pa mawu a osewera, ndipo satsata liwu ndi liwu. Amapatsa osewera mayina a kuno, amatchula misika ndi zakudya zodziwika, amaponya nthabwala pamene filimu yazizira, amachenjeza ngwazi za mdani amene ali kumbuyo, ndipo amafotokoza mwambo wachilendo poufanizira ndi wa kumudzi. Luso limeneli lilinso ku Uganda, kumene omasulira amatchedwa ma VJ, ndi ku Tanzania, kumene Lufufu anatchuka nalo m'Chiswahili. Mafilimu amene amamasuliridwa motere amakhala okopera popanda chilolezo cha eni ake, ndipo limeneli ndi vuto lenileni pamaso pa lamulo la umwini wa luso, koma chimene womasulira amachita n'chofunika kuchimvetsa: amalowetsa moyo wa Mmalawi m'filimu imene inapangidwa popanda kumuganizira, ndipo oonera amasankha womasulira amene amadziwa bwino malankhulidwe awo.

Mchitidwe umenewu uli ndi mizu yakale kuposa kanema. Nthano ya madzulo imayamba ndi mawu akuti padangokhala, omvera n'kuvomera kuti tili tonse, ndipo mawu ovomerawo amasonyeza kuti nkhani ndi ya gulu, imene womvera ali ndi gawo poiyendetsa. M'nthanomo nyama zimalankhula ndipo Kalulu amagonjetsa Njovu, zomwe sizichitika kutchire, koma aliyense amadziwa kuti nkhaniyo ikunena za wamng'ono ndi wamphamvu a m'mudzi momwemo. Gule wa malipenga, amene amavinidwa m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, anatenga perete wa asilikali a atsamunda, mayunifolomu ake ndi maudindo ake, n'kuzisandutsa mpikisano wa ukhondo ndi ulemu wa midzi. Masewero a pa wailesi monga Kapalepale ndi Pamajiga, nthabwala za Izeki ndi Jakobo, komanso Tikuferanji, momwe Michael Usi anatchukira ngati Manganya, zinakopa dziko lonse chifukwa zinkanena zowawa anthu akuseka. M'luso la kuno choonadi ndi chisangalalo zakhala zikudyera mbale imodzi, ndipo amene anazilekanitsa ndi kanema wa phunziro amene anabwera pa lole.

Mafilimu a Amalawi ndi kumene amathera

Amalawi opanga mafilimu aonetsa kale kuti angathe kujambula moyo wa dziko lawo mozama. Shemu Joyah anayamba ndi Seasons of a Life, yonena za mtsikana wantchito wa m'nyumba amene wapatsidwa pathupi ndi bwana wake, ndipo pambuyo pake amaphunzira za malamulo n'kumenyera mwana wake m'khoti. The Road to Sunrise ya mu 2017, yonena za amayi awiri oyendayenda a ku Blantyre, inapambana mu 2018 mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ya filimu yabwino koposa ya kumwera kwa Africa, mphotho imene Joyce Mhango Chavula anali atalandira mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe, ndipo The Road to Sunrise inakhala filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Fatsani ya Gift Sukez Sukali, yonena za mtsikana wogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa, inatsata njira yomweyo. Palibe mwa mafilimu amenewa imene imagawa anthu kukhala wanzeru ndi wopusa.

Imene ikukhudza Ngala mwachindunji ndi The Last Fishing Boat ya Joyah, ya mu 2012, yojambulidwa ku Mangochi, momwe Hope Chisanu anasewera ngati Yusufu, msodzi amene kale anali wopeza bwino koma tsopano nsomba zamuthera, pamene ntchito zokopa alendo zikulowerera m'banja lake: mwana wake wasanduka woperekeza alendo amene amagulitsanso thupi lake, ndipo mzungu wina akufuna mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, amene anaseweredwa ndi Flora Suya. Filimuyi inapambana mphotho ya nyimbo zake pa Africa Movie Academy Awards mu 2013. Nkhani yake ndi ya magulu awiri aja amene amakumana pagombe, ndipo mlovi wa ku Ngala sangafune womufotokozera tanthauzo lake. Komabe njira imene mafilimu otere amayenda ndi ya zikondwerero za kunja, mahotela ndi maholo a ku Blantyre ndi Lilongwe, kumene tikiti imodzi ingalipire maulendo ambiri a ku vidiyo, ndipo ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito kwambiri Chingelezi pofuna kufikira oweruza ndi ogula akunja.

The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba ndi njala ya 2001 ndi 2002, inajambulidwa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndipo mbali yaikulu ya zokambirana zake ili m'Chichewa, koma inatulukira pa Netflix, imene imafuna intaneti yamphamvu ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo Amalawi ambiri amene anaionera anadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunja. Dandaulo limeneli ndi lofunika, chifukwa likusonyeza kuti kwa mwini chilankhulo zenizeni zimayambira m'khutu. Chifukwa chimene opanga mafilimu amazengereza kutumiza ntchito zawo kumisika n'chomveka, pakuti filimu ikangofika pa kompyuta imodzi yothirira mafilimu imafalikira dziko lonse mwini wake osalandira kanthu, ngakhale kuti bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira umwini wa luso kuyambira 1992. Zotsatira zake n'zakuti sizinganenedwe mwachilungamo kuti anthu a ku Ngala anakana kanema wa zenizeni, popeza wabwino koposa wa mtundu umenewu safika pa chikwangwani cha pakhomo la vidiyo.

Ngozi za mbali zonse ziwiri

Kuteteza woonera sikutanthauza kuti zonse za m'nyumba ya vidiyo n'zabwino. Makolo ndi aphunzitsi m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja amadandaula kuti ana amajomba kusukulu, amakathandiza kukoka makoka kuti apeze ya pakhomo, ndipo amaonera nkhanza ndi zolaula zosayenera msinkhu wawo. Palinso ngozi ina yosaonekera msanga, yakuti mnyamata amene wakula akuona kuti chilichonse chosiririka chimachitikira ku Lagos, ku Johannesburg kapena ku Los Angeles amayamba kukhulupirira kuti kwawo kulibe nkhani yoyenera kamera, ndipo kuti moyo weniweni udzayamba tsiku limene adzakwere basi ya ku Joni. Chilungamo cha mwini filimu nachonso n'cha munthu mmodzi ndi zibakera zake, pamene mavuto a pagombe, monga mitengo ya usipa, makoka a maso ang'onoang'ono opha ndi tiana ta nsomba tomwe, ndi ngongole za mafuta, amatha pokhapokha anthu atagwirizana.

Kanema wa zenizeni nayenso ali ndi msampha wake, umene umatchera wopanga filimu amene ndalama zake zimachokera kunja. Wopereka ndalama amafuna chithunzi chimene akuchidziwa kale, cha njala, matenda ndi mwana wosiya sukulu, kapena cha mchenga woyera ndi nyama zakutchire, monga mmene makamera a padziko lonse anakhamukira ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 pamene njovu pafupifupi 500 zinkasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Zithunzi zonsezi n'zoona, koma zasankhidwa kuti zikhutiritse maso a kutali, ndipo zimasiya kunja nthabwala za pa thandala loyanikira usipa, mpikisano wa masiginala, luso la amayi ogula ndi kugulitsa nsomba amene amasunga mabanja ambiri, ndi kunyada kwa mwini ngalawa yatsopano. Filimu imene imaonetsa umphawi wokhawokha yanama mofanana ndi imene imaonetsa chuma chokhachokha, ndipo woonera wa pagombe amazindikira bodza la mtundu woyambawo msanga kuposa wina aliyense.

Njira imene yatsala

Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anabadwa mu 1923 m'banja la msodzi ku Ziguinchor, anayamba ngati wolemba mabuku m'Chifalansa, koma anatembenukira ku kanema atazindikira kuti anthu amene ankawalembera sakanatha kuwerenga mabukuwo. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chilankhulo cha Chiwolofu, nkhani yoseketsa ndi yowawa ya bambo amene walandira ndalama kuchokera kwa mphwake wa ku Paris koma akulephera kuzitapa chifukwa alibe chitupa, ndipo ankayenda ndi mafilimu ake kukaonetsa ndi kukambirana ndi anthu, pokhulupirira kuti kanema ndi sukulu ya madzulo. Sukulu imene iye ankanena inali yosiyana ndi ya pa lole ija, chifukwa woonera ankalowamo ngati mwini nkhani amene ali ndi ufulu woseka, kutsutsa ndi kuweruza.

Chitsanzo chimenechi chikuloza zinthu zitatu zimene zili m'manja mwa Amalawi. Opanga mafilimu ayenera kulemba m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'zilankhulo zina monga momwe zimalankhulidwira pagombe, ndi kuphunzira kwa omasulira mmene chidwi cha benchi yodzaza chimagwiridwira. Bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi pamodzi ndi COSOMA ayenera kupeza njira yoti eni nyumba za vidiyo ndi othira mafilimu pa memore azilipira kandalama kochepa kovomerezeka, kuti filimu ya Mmalawi izifika ku Ngala mwini wake akupindula. Mabungwe opereka ndalama ayenera kulola nkhani kukhala nkhani, osaumiriza kuti ithere pa uthenga wolembedwa kale mu ofesi. Nyanja ili nazo kale zonse zimene filimu ya nkhondo imalonjeza: mdima, nyali, namondwe, ngongole, kaduka, ubale ndi kulimba mtima. Filimu imene idzaike siginala pa malo a mwini filimu, n'kumulola kulankhula, kulakwa ndi kuseketsa monga amachitira pa bwato lake, idzaweruzidwa ndi alovi amene adzakhala atachokera kunyanja m'mawa womwewo, ndipo chigamulo chawo chidzadziwika ngati adzalipirenso pakhomo tsiku lotsatira kuti aionere kachiwiri.